Kuthamangira Pansonga ya Toubkal M'nyengo ya Chipale Chofewa

Munthu amene akukwera phiri chothamanga amadziwotha yekha. Mwa mphamvu zonse zimene minofu imagwiritsa ntchito, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amasanduka kutentha, n'chifukwa chake wothamanga amadutsa ndi kajekete kopyapyala pamalo pamene woyenda pang'onopang'ono wavala zovala zinayi. Koma moto umenewu umayaka pokhapokha miyendo ikuyenda. Mukabinya mwendo pa mamita 3,900, malaya atanyowa ndi thukuta, mphepo ikuwomba, motowo umazima pomwepo, ndipo lisanathe theka la ola mungakhale mukunjenjemera moti zala zikukanika kutsegula zipi ya chikwama chanu. Malangizo onse ali m'munsimu akonzedwa poganizira nthawi imeneyo.

Titenge phiri limodzi kuti tilankhule zogwirika. Toubkal, m'mapiri a High Atlas ku Morocco, ndi lalitali mamita 4,167, ndipo kumpoto konse kwa Africa kulibe lina loposa pamenepa. Ulendo umayambira m'mudzi wa Imlil, pa mamita 1,740, mtunda wa ola limodzi ndi theka pagalimoto kuchokera ku Marrakech. Njira imadutsa m'mbali mwa mudzi wa Aroumd, n'kukwera mpaka pa Sidi Chamharouch, malo opatulika odziwika ndi chimwala chopakidwa utoto woyera pa mamita pafupifupi 2,350. Kuchoka apo imatsata chigwa mpaka pa nyumba ziwiri zogonamo okwera phiri, pa mamita pafupifupi 3,200. Kenako imakhotera kumanzere n'kulowa m'chigwa chotsetsereka cha Ikhibi Sud, kufika pampata wa Tizi n'Toubkal pa mamita pafupifupi 3,940, ndipo pomaliza pansonga pamene anaimikapo chitsulo cha miyendo yokumana pamwamba. Chikweza chonse chimaposa mamita 2,400, ndipo kupita ndi kubwerera ndi makilomita oposa 25. Anthu ambiri amatenga masiku awiri kapena atatu. Wothamanga amafuna kuchoka ku Imlil n'kubwererako tsiku lomwelo, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi zina mpaka Epulo, kumtunda konseko kumakhala chipale chofewa ndi ayezi.

Lidziweni phirilo mukuyenda, musanalithamange

Tsiku la liwiro lisakhale tsiku lanu loyamba kuponda chipale, ndiponso lisakhale loyamba kuona njirayo. Miyendo yamphamvu ndiyo imapusitsa othamanga, chifukwa m'maola atatu okha imawafikitsa pamalo amene luso lawo silinafikepo. Ngakhale akatswiri zimawachitikira. Mu Julayi 2013 Kilian Jornet, katswiri wothamanga m'mapiri, anakwera Mont Blanc, phiri la m'mapiri a Alps ku Ulaya, kuchokera m'tauni ya Chamonix ku France n'kubwerera m'maola 4 ndi mphindi 57, koma mu Sepitembala chaka chomwecho iye ndi Emelie Forsberg anachita kupulumutsidwa ndi gulu la PGHM, apolisi a ku France opulumutsa anthu m'mapiri, pa njira ya Frendo Spur ya phiri la Aiguille du Midi pafupi ndi Chamonix, nyengo itawatembenukira ali ndi zovala zopepuka.

Muyenera kuphunzira zinthu zitatu kwa munthu wodziwa, pa chipale chenicheni. Choyamba ndi kuyenda mutavala ma crampon, zitsulo za mano akuthwa zomangirira kunsi kwa nsapato. Chachiwiri ndi kagwiridwe ka nkhwangwa ya pa ayezi. Chachitatu, chimene ambiri amachidumpha, ndi kudziimitsa mukaterereka. Sankhani mtsetse waufupi wothera pamalo athyathyathya opanda miyala, vulani ma crampon, ndipo dziponyeni dala m'njira zinayi: chagada miyendo patsogolo, chafufumimba miyendo patsogolo, kenako zonse ziwirizi mutu uli patsogolo. Dzanja limodzi ligwire mutu wa nkhwangwa pafupi ndi phewa, lina ligwire kumapeto kwa mpini, mpiniwo upingase pachifuwa. Gubudukirani mbali imene kuli mutu wa nkhwangwa, kanikizani dzino lake m'chipale ndi kulemera kwa chifuwa chonse, mawondo pansi, mapazi m'mwamba. Mapazi amakwezedwa chifukwa tsiku limene mudzagwe mutavala ma crampon, dzino limodzi likakola pansi muli pa liwiro limathyola mwendo kapena kukutembenuzani mutu pansi. Bwerezani mpaka thupi lizichita lokha. Ndipo dziwani kuti pa chipale cholimba ngati simenti, masekondi awiri kapena atatu oyamba akadutsa liwiro limakula moti nkhwangwa imatha kungolanditsidwa m'manja. Luso lalikulu ndi kusagwa.

Kuyambira kumapeto kwa 2018, akuluakulu a boma kumeneko salola mlendo kukwera Toubkal popanda gaidi wa m'deralo, ndipo m'njira muli malo amene amaona mapasipoti. Musadikire kufika ku Imlil kuti mupeze gaidi. Kambiranani naye kukadali milungu ingapo, mumuuze mosabisa kuti mukufuna kukwera ndi kutsika tsiku limodzi, chifukwa si gaidi aliyense amene angavomere kapena kukwanitsa liwiro limenelo. Gulu labwino ndi othamanga awiri a mphamvu zofanana ndi gaidi wawo, ndipo gwirizanani musananyamuke kuti mmodzi akabwerera, nonse mwabwerera.

Miyendo

Apa sitichedwapo, poti othamanga m'mapiri amadziwa kale. Patulani milungu 12 mpaka 16. Muziwerengera mamita amene mwakwera, osati makilomita, ndipo kumapeto muzifika pa mamita 2,000 mpaka 3,000 pamlungu, mutabereka chikwama cha makilogalamu 6 kamodzi pamlungu. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati simungakwere mamita 1,000 m'nthawi yosaposa ola limodzi ndi theka muli ndi chikwamacho, n'kutsika ntchafu zisakunjenjemera, ulendo wa tsiku limodzi sunakwane. Amene ali pafupi ndi Mulanje ali ndi bwalo labwino, chifukwa kuchoka pa Likhubula kufika ku Chambe ndi chikweza cha mamita pafupifupi 1,000, ndipo kuchikwera kawiri tsiku limodzi kumayandikira ntchito ya ku Toubkal. Koma Mulanje amangopereka miyendo. Sapitwa, pa mamita 3,002, ndi wamfupi kuposa pamene pali nyumba zogona za ku Toubkal, ndipo luso la pa chipale simungaliphunzire kumeneko.

Kuzolowera mpweya wa kumtunda

Pansonga ya Toubkal, kupuma kumodzi kumalowetsa okosijeni wokwana pafupifupi magawo 60 pa 100 a amene mumalowetsa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kulimba kwa thupi sikuteteza munthu ku matenda a kumtunda. Wothamanga amakhala pangozi yoposa, chifukwa amakwera msanga ndiponso anazolowera kupirira ululu n'kumapitirira.

Madokotala a za m'mapiri amalangiza kuti mukadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 usiku uliwonse. Ku Toubkal zimenezi n'zovuta kuzitsata ndendende, popeza pakati pa Imlil ndi nyumba zogona pali mamita pafupifupi 1,500, choncho pafunika kulipa ndi masiku. Dongosolo la mlungu umodzi likhoza kukhala lotere. Gonani ku Imlil mausiku awiri, ndipo pa tsiku lachiwiri kwerani mpata wa Tizi n'Mzik, pa mamita pafupifupi 2,480, n'kubwerera. Tsiku lachitatu yendani pang'onopang'ono mpaka kunyumba zogona. Lachinayi likhale lophunzira nkhwangwa ndi ma crampon pafupi ndi nyumbazo, mugonenso pomwepo. Lachisanu kwerani pansonga moyenda, mukuloweza njira ndi kuijambulitsa pa wotchi kapena foni, kenako tsikirani ku Imlil. Pumulani tsiku limodzi kapena awiri. Mukatero m'pamene mungayese liwiro, ndipo musiye masiku ena awiri apadera oti mudikirire nyengo ikakana.

Mutu wopweteka pamodzi ndi mseru, kusafuna kudya kapena chizungulire ndi chizindikiro choti musakwerenso mpaka zitatha. Pali zizindikiro ziwiri zimene sizifuna kukambirana. Munthu akayamba kuyenda dzandidzandi, kulephera kuponda mzere wowongoka chidendene chikugunda chala, kapena kulankhula zosokonekera, ubongo wayamba kutupa. Akamachita befu ali chikhalire, akutsokomola, m'chifuwa mukumveka phokoso la madzi, m'mapapo mwalowa madzi. Pa zonse ziwirizi mankhwala oyamba ndi kutsika nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mamita 500 mpaka 1,000, ndipo wodwalayo asatsike yekha.

Ena amamwa acetazolamide, mankhwala othandiza kupewa matenda a kumtunda, mamiligalamu 125 kawiri patsiku kuyambira dzulo lake la kukwera. Ameneyu ndi woti dokotala akulembereni, amakodzetsa pafupipafupi ndi kuchititsa dzanzi m'zala, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa kwa ochita mipikisano. Palinso nkhani ya magazi imene ife a kuno kum'mwera kwa Africa tisailumphe. Munthu wotengera sickle cell kwa kholo limodzi lokha amatha kukhala moyo wake wonse osadziwa, koma ntchito yolemetsa pamalo okwera, thupi litachepa madzi, ikhoza kutseka mitsempha ya m'kapamba. Yezetsani magazi musanagule tikiti. Ululu waukulu kumtunda kwa mimba mbali ya kumanzere muli kuphiri ndi chifukwa chokwanira chotsikira n'kupita kuchipatala. Ndipo ngati mwachokera kudera la malungo n'kuyamba kutentha thupi, musanamizire phiri, kayezetseni malungo.

Nsapato ndi za kumapazi

Apa m'pamene othamanga ambiri amalakwitsa, choncho tikhalitsapo. Ulendowu uli ndi zigawo ziwiri zosiyana, ndipo nsapato imodzi siyenerera zonse. Kuchoka ku Imlil kufika kunyumba zogona, nsapato yothamangira m'mapiri ya mano akuluakulu ndi yabwino, makamaka yokhala ndi nsalu yotchinga kukamwa kwake kuti chipale chisalowe. Nyamulaninso timaunyolo ta timano tating'ono tokoleka pansapato, chifukwa kumtunda kwa Sidi Chamharouch madzi oyenderera panjira amaundana usiku ndipo mumdima saoneka. Timano timeneti ndi ta sentimita imodzi yokha. Timagwira panjira yopondedwa, koma pamtsetse wolimba wa Ikhibi Sud sitikwanira, makamaka potsika.

Kuchoka panyumbazo kupita kumtunda valani jombo ya kuphiri ya chipondero cholimba, ya gulu la B1 kapena B2 (zilembo zosonyeza kulimba kwa chiponderocho), ndi ma crampon achitsulo a mano 10 kapena 12. Pemphani woyang'anira nyumba kuti akusungireni jombozo, ma crampon ndi nkhwangwa pa ulendo wanu wozolowera uja, kuti pa tsiku la liwiro musazibereke kuchokera pansi. Kusinthako kumadya mphindi 10 mpaka 15, ndipo ndi mphindi zogula zala zanu.

Chifukwa chake n'chakuti nsapato yothamangira imapindika pakati pa phazi lililonse pamene chitsulo sichipindika, ndiye pang'ono ndi pang'ono chidendene chimatuluka ndipo crampon imavuka pamtsetse. Wothamanga akaona zimenezi amakoka malamba mwamphamvu, malambawo amafinya phazi kudzera munsalu yofewa, magazi amaleka kuyenda bwino, ndipo zala zimauma ndi chisanu. Jombo ikhale ndi malo oti zala zizigwedezeka mutavala sokosi zokhuthala za ubweya. Jombo yothina ndi yozizira, ngakhale ikhale yodula bwanji. Ma crampon a aluminiyamu amakopa chifukwa chopepuka, koma ku Toubkal mphepo imasesa chipale m'malo ambiri n'kusiya miyala, ndipo aluminiyamu amabuntha kapena kupindika pamwala. Onetsetsaninso kuti kunsi kwa ma crampon kuli timapulasitiki toletsa chipale kumatirira. Popanda timeneti, masana chipale chikafewa chimaundana kunsi kwa phazi ngati dothi la m'dimba pakhasu, mano onse n'kukwiririka. Chikayamba kumata, menyani m'mbali mwa jombo ndi mpini wa nkhwangwa pakapita mapazi angapo alionse. Yesani ma crampon pajombo muli kunyumba, ndipo yesererani kuwamanga mutavala magolovesi.

Nkhwangwa ikhale ya masentimita 50 mpaka 60, ya mutu wachitsulo. Ndodo ziwiri zoyendera zimathandiza m'chigwa, koma sizingakuimitseni mukaterereka.

Zovala ndi za m'chikwama

Kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Ngati ku Imlil mbandakucha kuli 0°C, pansonga yembekezerani cha m'ma -15°C. Mukaphatikizapo mphepo ya makilomita 50 pa ola, khungu limamva ngati -29°C, ndipo pamenepo mphuno kapena tsaya losaphimba likhoza kuuma m'mphindi 10 mpaka 30.

Mdani wamkulu ndi thukuta. Nyamukani mukumva kuzizira pang'ono, mutavala malaya a manja aatali a ubweya kapena a ulusi wosasunga madzi, ndi kajekete kotchinga mphepo. Chilichonse cha thonje chitsale, chifukwa chikanyowa sichiuma. Mukangomva msana ukuyamba kunyowa, tsegulani zipi kapena chepetsani liwiro. Siyani malaya ena ouma pamodzi ndi jombo zija kuti mukasinthe musanalowe m'chigawo chozizira.

M'chikwama cha malita 20 mpaka 25 mukhale jekete ndi buluku zosalowa madzi, ndiponso jekete yokhuthala ya chipewa yoti ikwane pamwamba pa zonse zimene mwavala. Jekete imeneyi mwina simuivala tsiku lonse, koma ndi imene ingakusungeni maola anayi mukudikira thandizo, ndipo ndi imenenso othamanga amayamba kuichotsa akafuna kupepukitsa katundu. Musaichotse. Onjezani thumba la pangozi lolowamo thupi lonse, osati kansalu konyezimira kaja kamene mphepo imakang'amba, ndi kachidutswa ka thovu (siponji yolimba) kokhalira, popeza chipale chimakoka kutentha kudzera pamene mwakhalira. Magolovesi akhale a mitundu itatu: opyapyala othamangira, okhuthala osalowa madzi ogwirira nkhwangwa, ndi aja osalekanitsa zala, osungidwa ouma m'pulasitiki. Mangirirani magolovesi kumkono ndi kachingwe, chifukwa mukawaika pansi mphepo imapita nawo. Tengani chipewa chofunda, nsalu yophimba kumaso ndi helemeti.

Maso nawo amapsa. Chipale chatsopano chimabweza mpaka magawo 80 pa 100 a kuwala kowotcha kwa dzuwa, ndipo ululu wake, wonga mchenga m'maso, umayamba patapita maola angapo, ngakhale kunali mitambo. Valani magalasi a gulu 4, akuda kwambiri aja, otchinga ndi m'mbali momwe, ndipo nyamulani ena omata kumaso a nthawi ya mphepo. Pakani mafuta oteteza kudzuwa pamilomo ndi kunsi kwa mphuno, kaya khungu lanu ndi lakuda bwanji. Tochi ya pamutu ikhale ndi batire lina lapadera, ndipo foni ndi batirelo zikhale m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, poti kuzizira kumapha mabatire msanga. Ngati phiri lili ndi chipale chambiri, aliyense avale kawailesi kofufuzira munthu wokwiririka, anyamule ndodo yopindika ya masentimita 240 yobayira pofufuza, ndi fosholo yachitsulo. Chikwama chonse chimafika makilogalamu 5 mpaka 7. Chikapepuka kwambiri kuposa apa, onaninso chimene mwasiya.

Kusankha tsiku

Tsiku limasankhidwa ndi phiri, osati tikiti ya ndege. Onani ulosi wa nyengo wa pa mamita 4,000, osati wa ku Marrakech kapena Imlil, ndipo yambani kuona mphepo musanaone dzuwa. Yosapitirira makilomita 30 pa ola ndi yabwino. Ikafika 40 ntchito ya pamwamba imavuta, ndipo ikaposa 50 khalani pansi, chifukwa pampata ndi pamzere wa pansonga imatha kukukankhani phazi lili m'malere.

Chinthu chachiwiri ndi chigumukire cha chipale. Amene anaona napolo akudziwa mmene phiri limatsikira ndi zonse zimene lapeza, koma chipale chimasiyana pa mfundo imodzi: nthawi zambiri amene amachigumula ndi munthu yemweyo amene chimamukwirira, kapena mnzake. Chimagumuka kwambiri pamitsetse ya madigiri 30 mpaka 45, ndipo njira ya Toubkal imadutsa pamitsetse yotere komanso kunsi kwake. Kukagwa chipale chatsopano cha masentimita 30 kapena kuposa, dikirani masiku awiri kapena atatu. Chenjerani ndi mphepo imene yawomba chipale chitangogwa, chifukwa imachinyamula n'kukachiunjika kuseri kwa zitunda, kumene chimapanga chikhungwa cholimba pamwamba pa chofewa. Mukaponda n'kumva pansi pakuti "fuu" ngati pakutitimira, mukaona ming'alu ikuthamanga kuchoka paphazi lanu, kapena mukaona pamene pagumuka kumene, bwererani pomwepo. Munthu wokwiririka amafunika kufukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, ndipo m'nthawi imeneyo palibe thandizo lochokera kumudzi limene lingafike. Omufukula ndi anzake okhawo. Madzulo oti mawa mukwera imbirani woyang'anira nyumba zogona, mumufunse kuti chipale chagwa liti, mphepo yachokera kuti, ndipo lero anthu afika pansonga kapena abwerera panjira. Safunsa anadya phula.

Tsiku lenileni

M'mwezi wa Januwale kuwala kumakhala kwa maola pafupifupi 10 okha. Kwa munthu wamphamvu amene wazolowera mpweya, dongosolo likhoza kukhala lotere: kunyamuka ku Imlil 5 koloko mbandakucha, Sidi Chamharouch cha m'ma 6:15, kunyumba zogona 8 koloko, pampata cha m'ma 10:15, pansonga 11 koloko, kubwerera panyumbazo 12:30, ndipo ku Imlil cha m'ma 3 koloko masana. Nambala zanu zichokere pa ulendo wanu wozolowera, osati pa zimene wina anaika pa intaneti. Chofunika kuposa zonse ndi ola lobwererapo. Ligwirizaneni usiku wake, mwachitsanzo 12 koloko masana, ndipo likakwana tembenukani ngakhale chitsulo cha pansonga chikuoneka. Limaikidwa muli pansi chifukwa pa mamita 4,000 mutu wosowa mpweya umapeza zifukwa zokoma zopitirizira. Siyaninso uthenga kumene mukugona ku Imlil: njira yanu, ola lofikira, ndi ola loti ayambe kukufunani.

Idyani chakudya chokhutitsa maola awiri musananyamuke. M'njira muzilowetsa magalamu 40 mpaka 60 a zakudya za shuga ndi sitachi pa ola, pang'onopang'ono mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Zipatso za kanjedza zikuluzikulu, zimene ku Morocco zili ponseponse, zitatu zimakwana muyeso umenewu. Chokoleti ndi timipiringidzo ta zakudya za othamanga zimauma gwa pozizira, choncho zidulenitu tizidutswa n'kuziika m'thumba la mkati. Kumtunda njala imathawa, ndiye muzidya poona wotchi. Madzi akhale pafupifupi theka la lita pa ola. Kapaipi ka thumba la madzi la kumsana kamaundana msanga, choncho gwiritsani ntchito mabotolo a kukamwa kwakukulu, muthiremo madzi otentha, muwaike chozondoka m'chikwama popeza madzi amayamba kuundana pamwamba. Dzazaninso panyumba zogona.

M'chigwa cha m'munsi yendani pa liwiro loti mukhoza kulankhula chiganizo chathunthu. Amene amawotcha mphamvu pofuna kufika msanga panyumbazo amakalipira pa mamita 3,700. Mukasintha nsapato, vuto loyamba ndi mtsetse umene uli kutsidya kwa kamtsinje, pamwamba pa nyumbazo. Dzuwa limachedwa kulowa m'chigwa chimenechi, ndipo m'mawa chipale chake chimakhala cholimba. Pindani ndodo, tengani nkhwangwa m'dzanja la kumtunda, ndipo muzisintha dzanja pokhota paliponse mutaima bwino. Pondani phazi lonse kuti mano onse apansi alowe, osati m'mphepete mokha monga muchitira ndi nsapato wamba. Tangadzani miyendo pang'ono. Kugwa kwambiri kumayamba dzino la crampon likakola buluku kapena lamba wa mwendo winawo, choncho pasakhale chilichonse cholendewera.

Valani jekete yosalowa mphepo, magolovesi okhuthala ndi chophimba kumaso musanatulukire pampata, mudakali pobisika. Ambiri amadikira mpaka mphepo iwamenye, kenako amavula magolovesi kuti alimbane ndi zipi, ndipo zala zimayambira pamenepo kufa. Kuchoka pampata kufika pansonga ndi chikweza cha mamita ongopitirira 200, koma m'pamene pachitikira ngozi zoopsa. Njira ya m'chilimwe imadutsa chopingasa pamtsetse umene kunsi kwake kuli maphompho, ndipo ikaundana, woterereka alibe poimira. Tsatirani kumene gaidi wasankha, musathamange, ndipo musaponde m'mphepete penipeni mwa mzere wa phiri, chifukwa mphepo imamanga denga la chipale lolendewera pamwamba pa phompho. Denga lotere ndi limene linagumuka n'kupha Stéphane Brosse pa phiri la Aiguille d'Argentière ku Alps mu Juni 2012, ali limodzi ndi Kilian Jornet. Pansonga musapitirire mphindi zisanu.

Kutsika ndiye ntchito yeniyeni. Miyendo yatopa, mutu wamasuka, ndipo wotchi ikukunyengererani. Musathamange mutavala ma crampon, ndipo musatsetsereke chokhala pansi muli nawo kumapazi. Pindani mawondo, weramirani kutsogolo pang'ono, zala ziloze kumunsi, phazi lililonse limenye pansi ndi mano onse. Pamene pakuopsani tembenukani, muyang'ane phiri, mutsike chobwerera m'mbuyo nkhwangwa itazikika. Liwiro lanu mukalipeza kumunsi kwa nyumba zogona, mutavalanso nsapato zothamangira, ndipo ngakhale kumeneko malo a mthunzi amakhala ndi ayezi tsiku lonse.

Zikavuta

Wina akavulala moti sangayende, musayambe ndi foni. Muvekeni jekete yokhuthala nthawi yomweyo asanazizidwe, mukhazikeni pa chikwama kapena pa thovu lija, mulowetseni m'thumba la pangozi, inunso muvale yanu, kenako itanani thandizo. Musayembekezere helikopita yofika m'mphindi zochepa ngati ku Alps. Kawirikawiri wovulala amanyamulidwa ndi anthu mpaka pamene chipale chathera, n'kukwezedwa pa nyulu, ndipo zimenezi zimatenga maola. Onetsetsani musanachoke kwanu kuti inshuwalansi yanu ikutchula kukwera kupitirira mamita 4,000 ndi nkhwangwa ndi ma crampon.

Munthu amene akunjenjemera koma akulankhula bwino mpatseni chakumwa chotentha cha shuga ndi chakudya, ndipo akayamba kupeza bwino ayende. Amene wasiya kunjenjemera chonsecho akadali wozizira, akuwodzera kapena kulankhula mokoka lilime, wafika poipa. Mugonekeni, musamugwedeze mwamphamvu chifukwa mtima wozizira umasokonezeka msanga, ndipo musamupatse mowa. Chifunga chikatseka moti simukusiyanitsa pansi ndi kumwamba, imani, tsegulani njira imene munajambulitsa ija, mubwerere nayo phazi ndi phazi muli pafupipafupi.

Chala chimene chayera n'kuchita dzanzi koma chikadali chofewa, chiikeni m'khwapa kapena pamimba pa mnzanu mpaka chimve. Chikauma gwa ngati mtengo, musachitikite, musachipake chipale, ndipo musachiyandikize pamoto, popeza sichimva kupsa. Ngati pali mpata woti chiundanenso panjira, musachisungunule: kutsika ndi phazi louma kumawononga pang'ono kusiyana ndi kulisungunula n'kuliundanitsanso. Mukafika pamalo otentha amene simuchokanso wapansi, vulani mphete, viikani chiwalocho m'madzi a 37°C mpaka 39°C kwa mphindi pafupifupi 30 kufikira khungu litafewa, muziwonjezera madzi ofunda kuti asazizire. Zimapweteka kwambiri, ndipo ibuprofen amathandiza ngati thupi lanu limamulola. Matuza musawaboole. Kulungani ndi nsalu youma yosathina, muike kansalu pakati pa zala, ndipo pitani kuchipatala ku Marrakech tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala opulumutsa zala amagwira bwino ntchito akaperekedwa m'maola 24 oyambirira.